Lamulo losamveka lili ndi mwini wake

“Kuno sitisewera choncho.” Aliyense amene anagwirako makadi, kuponyako dayisi pa Ludo kapena kukhalako pa bawo ya kwa eni anawamvapo mawu amenewa. Chodabwitsa n'chakuti samveka masewera akamayamba. Amadikira mpaka mlendo watsala pang'ono kupambana. Pamenepo m'pamene mwini bolodi amakumbukira kuti kuno mfumu ya drafuti siuluka, kuno 6 wachitatu amafufuta zonse, kuno njere imeneyo sidya. Mlendo alibe pogwira. Palibe pepala, palibe chimene anagwirizana poyamba. Pali munthu mmodzi wa mawu aakulu ndi anzake atatu ogwedeza mitu.

Anthu amaziseka izi, eti ndi mmene masewera amakomera. Ine sindiseka nawo. Lamulo likakhala losamveka, kapena likakhala m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, pali wina amene amadyerapo, ndipo kawirikawiri ndi yemwe uja: mwini bolodi, wamkulu pagulupo, kapena wodziwa kukuwa. Amene amalipira ndi mlendo, mwana, ndi mtsikana amene walimba mtima n'kukhala pansi pakati pa amuna. N'chifukwa chake lero ndili ndi mlandu ndi magulu awiri. Loyamba ndi la amene amati malamulo a masewera athu salembedwa. Lachiwiri ndi la anzanga ophunzira, amene akagwira cholembera amalemba malamulo a masewera a ana ngati chigamulo cha khoti lalikulu. Magulu awiriwa amanyozana, koma mathero ake ndi amodzi: munthu watsopano amadzuka pamphasa osadziwa kusewera.

Eti bawo silembedwa

Ndiyambe ndi akuluakulu, mwaulemu wonse. Iwo amati bawo umaphunzira ndi maso. Ukhale pambali, uonerere, udyedwe kakhumi, kenako manja adziwa okha. Makolo athu sanalembe, koma masewerawa afika mpaka lero. M'mawu amenewa muli choonadi. Luso lowerenga maenje m'mutu njere zisanachoke m'manja palibe pepala lingakupatse. Koma luso ndi lamulo n'zosiyana. Kudziwa mbali yoti udyere kuti mnzako asabwezere, limenelo ndi luso, ndipo limatenga zaka. Kudziwa ngati kudya n'kokakamiza kapena munthu akhoza kusiya, limenelo ndi lamulo, ndipo limakwana m'chiganizo chimodzi. Munthu amene amabisa chiganizo chimodzicho kuseri kwa “uona wekha” akusunga mpando wake basi. Amatiuza kuti safunsa anadya phula, koma ukafunsa amakuseka kuti ndiwe mwana.

Nanga mfundo yoti masewera osalembedwa safa? Ku Egypt wakale kunali masewera otchedwa senet. Anaseweredwa kwa zaka zoposa 2,000, ndi mafumu ndi anthu wamba omwe. Mabolodi ake alipo mpaka lero, a timabokosi 30 m'mizere itatu, ndipo ena anapezeka m'manda a Tutankhamun. Zithunzi za anthu akusewera zili pa makoma a manda. Koma malamulo ake athunthu sanatifike, ndiye senet amene anthu amasewera masiku ano ndi wongoganizira wa akatswiri. Aliyense ankadziwa kusewera, choncho panalibe chifukwa cholembera. Kenako odziwawo anatha.

Tsopano yerekezani ndi masewera a ku Ur, m'dziko limene lero ndi Iraq. Mabolodi ake, a zaka pafupifupi 4,600, anafukulidwa ndi Leonard Woolley m'zaka za m'ma 1920. Nawonso akanakhala matabwa okongola opanda ntchito. Chinawapulumutsa ndi mlembi wina wa ku Babylon, Itti-Marduk-balatu, amene mu 177 Yesu asanabadwe anakhala pansi n'kulemba pa phale la dongo mmene masewerawo ankaseweredwera m'nthawi yake. Phalelo linakafika ku British Museum ku London, kumene Irving Finkel anadzaliwerenga n'kulimasulira. Lero masewera a ku Ur ali mpaka pa foni. Phale limodzi lokwana m'dzanja lasunga zimene makamwa a anthu ambirimbiri analephera kusunga.

Kwathu kuno zili bwanji? Mu 1913 dokotala wa boma la atsamunda ku Nyasaland, Meredith Sanderson, anafalitsa ku London nkhani yofotokoza masewera a kuno, bawo ili momwemo. Analemba m'Chingerezi, polembera Azungu anzake. Ku Tanzania anakhazikitsa bungwe la bawo, Chama cha Bao, mu 1966. Mu 1995 Alex de Voogt wa ku Netherlands anatulutsa buku la kafukufuku wake pakati pa akatswiri a bawo a ku Zanzibar. Ndiye onani, bawo inalembedwa kalekale. Chimene chatsala n'chakuti ife eni ake tiilembe m'chilankhulo chimene timaseweramo. Ifunseni foni yanu malamulo a bawo, muone chilankhulo chimene ikuyankheni nacho. Mwana wa ku Area 25 kapena wobadwira ku Johannesburg akafuna masewera a agogo ake akuyenera kudzera kwa mlendo. Zimenezi sizikutichititsa manyazi?

Ndipo tisanamizane kuti pakamwa pamasunga bwino. Tengani Monopoly, amene ambiri tinaphunzira kwa achimwene kapena kwa anzathu a kusukulu, osatsegulako pepala la m'bokosi. Lamulo lolembedwa limati munthu akafika pamalo opanda mwini n'kukana kugula, banki igulitse malowo pa okushoni nthawi yomweyo, aliyense apikisane. Limanenanso kuti pa Free Parking palibe ndalama iliyonse, ndi pongopumira. M'nyumba zambiri okushoni inatayika, ndipo m'malo mwake misonkho yonse imaunjikidwa pakati kuti wofika pa Free Parking akolole. Zotsatira zake mukuzidziwa. Malo sagulidwa msanga, ndalama zimene zimayenera kutuluka m'masewera zimabwereramo, palibe amene akugwa, magetsi azima, ayaka, anthu akadali pomwepo mpaka wina atakwiya n'kugubuduza bolodi. Kenako timati Monopoly ndi wotopetsa. Chiyambi cha masewerawa ndi The Landlord's Game ya Lizzie Magie, amene analandira chiphaso cha umwini mu 1904, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa mmene eni malo amafinyira anthu a lendi. Anapangidwa kuti ndalama zizitha ndipo anthu azigwa. Malamulo awiri okha atasochera pakamwa, masewera onse anasanduka ena.

Anzanga a madigiri, bwerani kuno

Gulu lachiwiri ndi lathu, ndipo ndilo limandipsetsa mtima kwambiri chifukwa lilibe chowiringula. Masiku ano achinyamata tikupanga masewera athuathu: a m'kalasi, a m'magulu ophunzitsana zaumoyo kapena kasungidwe ka ndalama, a makadi odula pa katoni. N'zabwino zedi. Koma tsegulani pepala la malamulo, mukumana ndi zinthu ngati izi:

“Wosewera aliyense wotenga nawo mbali m'masewerawa akuyembekezeredwa kuonetsetsa kuti, pamene mpata wake wakwana molingana ndi ndondomeko yomwe yafotokozedwa m'gawo lapitalo, wachita zonse zofunikira zokhudzana ndi kaponyedwe ka dayisi.”

Mawu 28. Tanthauzo lake: “Ikafika nthawi yako, ponya dayisi.” Mawu asanu. Enawo 23 ntchito yawo ndi kuuza owerenga kuti wolembayo anapita ku yunivesite. Zaka zinayi za kuuzidwa kuti nkhani ikwane masamba khumi zimamuphunzitsa munthu kufufumitsa chiganizo ngati mandasi a yisiti wambiri, ndipo amatuluka akukhulupirira kuti chomveka msanga n'chachibwana. Ena amaposa apa, amalemba m'Chingerezi cha maloya masewera oti akaseweredwe ndi ana a Sitandade 5, kenako n'kumadandaula kuti Amalawi sakonda kuwerenga.

Ganizirani amene akuwerenga pepala lanu. Sali mu laibulale. Wakhala pamphasa kapena pakhonde, anzake anayi akumuyang'ana, wina watsegula kale TikTok, wina akuti “tiyeni tingoyamba, tidziwira momwemo.” Ali ndi mphindi zitatu, mwina zinayi. Akalephera kupeza chochita m'mphindi zimenezo, pepala liikidwa pansi, ndipo malamulo akhala a amene akulankhula mokweza. Mwabwerera komwe kuja, kwa mwini bolodi, kungoti ulendo uno mwawonongerapo inki. Lamulo lotalika mopanda chifukwa silisiyana ndi losalembedwa, pakuti onse awiri sawerengedwa.

Chiganizo chimodzi cholakwika chikhozanso kupundula masewera kwa mibadwo. Mu 1732 Carl Linnaeus, yemwe uja wa mayina a zomera, anayenda pakati pa anthu a mtundu wa Sámi ku Lapland n'kulemba m'Chilatini malamulo a masewera awo otchedwa tablut. Bolodi lake ndi la timabokosi 9 m'litali ndi 9 m'lifupi, mfumu ndi asilikali ake 8 akuzingidwa ndi adani 16. Zolemba zakezo zitamasuliridwa m'Chingerezi mu 1811, munalowa cholakwa. Zinamveka ngati mfumu imagwidwa pokhapokha itazingidwa mbali zonse zinayi, pamene Linnaeus analemba kuti ikakhala kutali ndi mpando wake adani awiri akwana. Anthu amene anatsata kumasulira kolakwikako anapeza masewera opendekera, mbali ya mfumu ikungopambana. Vuto silinali la a Sámi amene anawapanga. Linali m'chiganizo cha munthu wa sukulu.

Nanga tilembe bwanji?

Sindikufuna kungokalipa n'kuchokapo. Zimene zimapangitsa malamulo kumveka n'zochepa, ndipo bawo yomweyo ikhoza kutiphunzitsa zonse.

Yambani ndi mmene munthu amapambanira. Mbiri ya masewera, mawu othokoza amene anapereka ndalama, ndi ndime yofotokoza ubwino wa masewera pa ubongo, zonsezo zipite kumapeto, kapena zisakhalepo n'komwe. Munthu amene sadziwa kumene akupita sangamvetse njira imene mukumulozera. Mzere woyamba wa bawo ukhale uwu: “Wapambana mzere wakutsogolo wa mnzako ukatsala wopanda njere, kapena mnzako akasowa choyenda.” Akamva zimenezi, lamulo lililonse lotsatira lipeza pokhala m'mutu mwake.

Kenako kayalidwe, ndi manambala enieni. “Ikani njere zingapo m'nyumba” ndi chiyambi cha ndewu. Malamulo a ku Zanzibar amanena mosazungulira: maenje 32 m'mizere inayi ya maenje 8, njere 64, aliyense 32. M'nyumba muikidwe 6, m'maenje awiri otsatira kudzanja lamanja muikidwe ziwiriziwiri, zotsala 22 zikhale m'manja. Ngati kwanu mumayala mosiyana, lembani nambala ya kwanuyo. Ndipo jambulani chithunzi. Foni muli nayo, chithunzi chimodzi cha bawo yoyala chimachotsa ndime yonse.

Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi. Aphunzitsi a chimangirizo anatiletsa kubwereza mawu, ndipo pa chimangirizo ankanena zoona. Pa malamulo kubwereza ndiye ukhondo. Mukati “njere” pamzere woyamba, “mwala” pachitatu, “kanthu kosewerera” pachisanu, wowerenga aganiza kuti ndi zinthu zitatu ndipo ayamba kufunafuna ziwiri zinazo m'bokosi. Mwasankha “dzenje”? Likhale dzenje mpaka mapeto, lisasanduke bowo pakati panjira.

Siyanitsani mawu atatu awa ngati mmene mumasiyanitsira mchere ndi shuga: ayenera, akhoza, saloledwa. Mikangano yambiri ya pa drafuti imabadwira apa. “Wosewera amadya mnzake akamupeza” sakutiuza kanthu. Ayenera kudya, kapena akhoza kudya? Pa drafuti ya ku England ndi pa drafuti ya mipikisano ya mayiko, kudya n'kokakamiza. Pa bawo ya ku Zanzibar chimodzimodzi, ngati pali chodya uyenera kudya. Kusintha liwu limodzi lokha pamenepa kumasintha masewera onse, chifukwa misampha yonse yopereka chimodzi kuti udye zitatu imadalira kuti mnzakoyo alibe ufulu wokana.

Lembani zochita motsatana mmene manja azichitira, ndipo lankhulani ndi munthu mmodzi mwachindunji. Nachi chitsanzo cha kayendedwe ka njere pa bawo yosavuta ija yophunzirira:

“Tola njere zonse za m'dzenje limodzi la mbali yako. Dzenjelo likhale ndi njere ziwiri kapena kuposa. Ponya imodzi m'dzenje lililonse lotsatira, osadumpha, osabwerera. Yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona: asewere mnzako. Ikagwera m'dzenje la mzere wakutsogolo momwe muli kale njere, ndipo dzenje la mnzako loyang'anizana nalo lili ndi njere, wadya: tola za mnzakozo. Ikagwera momwe muli njere koma palibe chodya, tola zonse za m'menemo upitirize kuponya.”

Ndime imeneyi imakwana pa sikirini ya foni osatsitsa. Sinathe bawo yonse ayi, pakufunikabe kunena kumene njere zodyedwazo zimayambira kuponyedwa, za nyumba, ndi zina. Koma mwana wa zaka khumi akhoza kuiwerenga n'kuyamba kuyendetsa njere lero lomwe.

Lamulo lopatula likhale pafupi ndi lamulo limene likulipatula. Ku Zanzibar, ukayamba nthawi yako ndi kutakata, ndiye kuti kuyenda kopanda kudya, sudyanso mpaka utagona, ngakhale njere yomaliza igwere poyang'anizana ndi mulu wa mnzako. Chiganizo chimenechi malo ake ndi pansi penipeni pa lamulo la kudya. Mukachiika patsamba lomaliza pa mutu woti “Zina ndi zina”, mwatchera msampha. Wodziwa adzachitulutsa pa nthawi imene chikumukomera, ndipo mlendo adzamva ngati waberedwa, ngakhale zinalembedwa.

Kufupikitsa sikutanthauza kudula zofunika. Malamulo a chess a bungwe la FIDE amati pawn ikafika kumapeto kwa bolodi isinthidwe ndi queen, rook, bishop kapena knight wa mtundu womwewo. Mawu oti “wa mtundu womwewo” amaoneka ngati osafunika mpaka mutakumana ndi munthu wochenjera amene wapeza kuti kumupatsa mdani chida pamalo ena kungamuthandize. Mawu atatu atseka pakamwa pake. Liwu lililonse liyesedwe ndi funso limodzi: ndikalichotsa, pali mkangano umene ungabadwe? Ngati ulipo, likhale. Ngati palibe, lichoke, ngakhale likhale lokoma bwanji.

Yankhani funso limene aliyense adzafunse. Uno, amene anapangidwa mu 1971 ndi Merle Robbins, wometa tsitsi wa ku Ohio, ali ndi lamulo loti wina akakuponyera khadi la +2 kapena +4, utole makadiwo ndipo nthawi yako ikudutse. Komabe pafupifupi paliponse anthu amasanjikiza: wandiponyera +4, ndiponyapo +2, wotsatira atole 6. Mu May 2019 eni masewerawa analemba pa Twitter kuti kusanjikiza kulibe, ndipo anthu anawayankha mwaukali ngati kuti eni akewo ndiwo sadziwa kusewera. Phunziro kwa wolemba ndi lakuti, ngati pali chinthu chimene dzanja la wosewera aliyense lidzafune kuchita, chitchuleni ndi dzina n'kunena kuti inde kapena ayi. Mukangochisiya kuti anthu achimvetse okha, achimvetsa mmene chikuwakomera.

Pomaliza, nenani mmene masewera amathera zinthu zikakanirira. Chess ili ndi lamulo loti munthu akhoza kupempha kuti masewera athe mofanana ngati kayalidwe kamodzimodzi kabwera katatu, kapena ngati aliyense wayenda ka 50 popanda kudya chida kapena kusuntha pawn. Bawo nayo ili ndi vuto lake: mu 2006 ofufuza atatu, de Voogt ali m'gulumo, anaonetsa kuti pali kayalidwe kena ka njere kamene kuyenda kumodzi kumangozungulira osagona mpaka kalekale. Zoterezi sizichitika tsiku lililonse, koma tsiku limene zidzachitike pa mpikisano wa mphotho, mudzafuna mzere umodzi wonena chochita.

Zowiringula zitatu

Wina ati Chichewa sichingathe kulemba zinthu zofuna kulondola chonchi. Bwererani ku ndime ya bawo ija. “Ikagwera” ndi liwu limodzi, lonyamula chinthu chimene chikugwa, kugwako, ndi “ngati” wake yemwe. Chingerezi chimafuna mawu atatu kuti chinene zomwezo. “Wagona”, “wadya”, “watakata” ndi mawu a ukatswiri amene osewera anasula okha, afupiafupi, odziwika, osasowa komiti yowavomereza. Chilankhulo chimene chimagamula milandu ya malire a munda pabwalo la mfumu sichingalephere kunena kumene njere ikugwera. Chimene chimalephera ndi Chichewa chomasuliridwa liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi cha mu ofesi, chija cha “kuonetsetsa kuti” ndi “zokhudzana ndi”. Chimenecho ngakhale agogo anu sangachimve.

Wina ati mukalemba mupha kusiyanasiyana. Bawo ya kunyanja, ntchuwa ya kumudzi, nsolo wa ku Zambia, zonse zimezedwa ndi pepala limodzi lolembedwa m'tauni. Nkhawa imeneyi ndimailemekeza, chifukwa zolembedwa zimakhala ndi mphamvu yodzionetsa ngati ndizo zoona zokhazo. Koma mankhwala ake ndi kulemba zambiri, aliyense za kwawo, n'kuika dzina la malo pamwamba: bawo monga timasewerera kwathu kwakuti. Drafuti ya ku England ili ndi timabokosi 64 ndi zida 12 mbali iliyonse, ndipo mfumu yake imayenda kabokosi kamodzi. Ya mipikisano ya mayiko ili ndi timabokosi 100 ndi zida 20 mbali iliyonse, mfumu yake imauluka ndipo chida wamba chimadya chambuyo. Zonse ziwiri zinalembedwa, zonse ziwiri zili moyo. Mtundu umene umafa ndi umene sunalembedwe, pamene mdala womaliza woudziwa waikidwa m'manda. Mawu a akulu amakoma akagonera, inde, koma agonere penapake pamene tingakawapeze. Ndipo “kuno sitisewera choncho” akalembedwa pa pepala masewera asanayambe, amasiya kukhala chida. Amakhala chabe uthenga kwa mlendo, woti asankhe kukhala pansi kapena ayi.

Wachitatu ati simungalembe zonse, nanga bwanji kuyamba n'komwe? Zoona, simungathe. Ngakhale FIDE, imene inakhazikitsidwa ku Paris mu 1924 ndipo yakhala ikukonza malamulo ake kwa zaka zambirimbiri, imavomereza kumayambiriro kwa malamulowo kuti sangakhudze chilichonse chimene chingachitike, ndipo imasiyira woweruza mpata wogwiritsa ntchito nzeru. Koma taonani zimene malamulo omwewo atheketsa. Mtsikana wa ku Mzuzu akhoza kukhala pansi ndi katswiri wa ku Norway, osamvana liwu ndi limodzi lomwe, n'kusewera mpaka mapeto popanda wonena kuti kwathu bishop amadumpha. Wamng'onoyo akapambana, wapambana. Pepala limateteza wofooka, chifukwa wamphamvu salisowa.

Mwina mukuti, aise, zonsezi chifukwa cha Ludo? Taonani kumene chizolowezichi chimakathera. Anthu omwe aja amene amayamba makadi osagwirizana malamulo ndi amene amayambitsa banki m'khonde kapena chipereganyu ndi mawu oti “tonse ndife anthu akuluakulu, timvana.” Mwezi wa khumi ukafika, wina wachedwa kubweza, ndiye pamene zimadziwika kuti chiwongoladzanja cha wochedwa aliyense anachimva mwake, ndipo msungichuma ndi amene akukumbukira bwino kuposa onse. Mbali inayo kuli mapepala a ngongole ndi timalamulo ta pa foni totalika dala, timene tonse timangodina kuti tavomera. Uku lamulo silinalembedwe, uku lalembedwa kuti lisawerengedwe, ndipo konseko wodyerapo amadziwika. Pa bolodi ndi pamene munthu angaphunzire, pa mtengo wotsika, kufunsa kuti “tisanayambe, malamulo ndi ati?” ndi kukana kuyamba asanayankhidwe.

Ndiye nayi ntchito. Sankhani masewera amodzi amene mumawadziwa, kaya bawo, kaya ntchuwa, kaya makadi amene mumasewera kwanu magetsi akazima. Ngati simukuwadziwa bwino, pitani kwa agogo kapena kwa amalume aja a pansi pa mtengo wa mango, mukhale pansi mwaulemu, muwafunse mafunso a ayenera ndi akhoza mpaka atatopa nanu. Lembani tsamba limodzi m'Chichewa, dzina la mudzi kapena dera pamwamba. Mukatero pezani anthu awiri amene sanasewerepo, muwapatse bolodi ndi tsambalo, inu mukhale pambali mutseke pakamwa. Apa ndiye povuta. Mudzafuna kulowererapo, kunena kuti “ayi, apo ndimatanthauza kuti…” Musatero. Tsiku limene pepalalo lidzafike ku Karonga kapena ku Leeds pa WhatsApp, inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Paliponse pamene awiriwo aima, akangana kapena akuyang'anani, ikani chizindikiro pa chiganizocho. Chalakwa ndi chiganizocho, owerengawo alibe mlandu. Kakonzeni, mupeze anthu ena awiri atsopano, muyesenso. Akadzasewera kuyambira poyala mpaka wina kupambana osakufunsani kanthu, tsambalo latha. Litumizeni pa gulu la banja, ndipo lina mulisindikize mukalipachike pomwe pamakhala bawo.